Chala pa Baibulo la Elube

Sindidziwa kuti ndinayenda zaka zingati. Ndikayesa kuzikumbuka zimangobwera ngati mitengo ya m'mbali mwa msewu, uwu kufanana ndi unzake. Chimene ndikudziwa n'chakuti ndinachoka m'mawa mame asanaume, ndipo kumbuyo ndinasiya nyumba yopanda denga ndi mtsikana dzina lake Elube.

Bambo anga anali ndi kawerengedwe kawokawo ka Baibulo. M'mawa uliwonse asanagwire khasu ankakhala pa chitsa kuseri kwa nkhokwe, kutsinzina, kuimika buku pamwendo n'kulisiya kuti litseguke lokha. Kenaka chala chamkombaphala chinkatsika, ndipo pamene chagwera, amenewo ndiwo anali mawu a Mulungu a tsiku limenelo. Sankawerenga pamwamba pake, sankawerenga pansi pake. Ankati diso lochoka pa chala ndi la munthu wosakhulupirira, wofuna kusankhira Mulungu zonena. Chala chimenecho chinawasamutsa kawiri, chinawadanitsanso ndi mlongo wawo mpaka imfa. Atamwalira, buku lawo tinawaika nalo limodzi, koma chala anandisiyira ine.

Elube ankakhala kutsidya kwa dambo. Ankakazinga zitumbuwa pa mphambano, ndipo manja ake nthawi zonse ankanunkhira mafuta ndi nthochi. Amalume anga ndi amalume ake anali atakumana kale, ndipo anandilozera malo kuseri kwa nyumba ya amayi ake kuti ndimangepo monga achitira mkamwini. Makoma ndinaimika. Phaso ndinadula, udzu ndinaunjika pambali. Tsiku lina anabwera pamene ndinkatsira khoma, n'kundipatsa Baibulo lake lachikuto chakuda.

"Sungani ili, mudzandibwezere tsiku laukwati," anatero. "Muli chinsinsi m'menemo."

Ndinamufunsa kuti n'chinsinsi chanji. Anaseka ataphimba pakamwa, n'kunena kuti munthu wodziwa kuwerenga achipeza yekha.

Kutacha ndinakhala pakhomo pa nyumba yopanda denga ija n'kufunsa buku ngati ine ndi Elube tidzakhalamo bwino. Ndinatsinzina. Buku linatseguka lokha msangamsanga, ngati linkandidikira. Chala chinagwera pa mawu a mneneri wina, onena kuti malo ano ndi bwinja, mulibe munthu, mulibe chiweto. Ndinatseka, n'kufunsanso. Linatseguka pomwepo, chala chinagwa pomwepo. Ulendo wachitatu ndinatembenuza buku ndisanaliimike, koma yankho linali lomwelo.

Ndinamva bwino lomwe. Ndikakhala pamenepa, Elube afa, ndi onse a pakhomo pake. Patali ndinkamumva akutsuka chiwaya kwinaku akuimba. Sindinatsanzike, chifukwa akanandiyang'ana kamodzi kokha ndikanakhala. Ndinaika buku m'thumba n'kulowera m'njira yodutsa m'dambo.

Malo oyamba amene ndinaima inali tauni ya msewu umodzi, masitolo atayang'anizana ngati anthu okangana amene atopa. Pa khonde la sitolo ina panali telala, a Kachingwe, munthu wowonda wa tepi m'khosi. Anandiyang'ana kuyambira kumapazi n'kundifunsa chimene ndathawa. Ndinati palibe. Anati palibeyo ali ndi fumbi lambiri, n'kundilozera mpando ndi nsimbi yamakala.

Kwa iwo ndinaphunzira kusita, kusoka mabatani, kenaka kupalasa makina. Sizasi anachedwa kundipatsa. Ankati aliyense angasoke, koma kudula ndi kumene kumapha nsalu. Tsiku lina anatola kachidutswa pansi n'kundifunsa chimene ndikuona. Panali chinthu chopindika, chakuda, chamawangamawanga. Ndinati njoka. Anatulutsa chitenje chimene anadulako n'kuchifunyulula chonse pathebulo, ndipo njoka ija inali chogwirira cha ketulo.

"Chidutswa chimanama, mphwanga," anatero. "Funyulula kaye nsalu yonse, uone kumene duwa layambira ndi kumene lathera. Ukafulumira ndi sizasi, udzasokera mkazi wa abusa diresi la tambala wopanda mutu pamtima."

M'mawa wina anandipeza kuseri kwa sitolo nditatsinzina, buku pamwendo. Anadikira mpaka chala chitagwa, ine n'kuphimba tsamba lonse ndi chikhatho kusiya mzere umodzi uja. Anandifunsa ngati kwathu kulibe asing'anga, poti ndasandutsa buku la Mulungu ula. Anati mawu a m'menemo ndi nsalu imodzi yaitali, ndipo munthu ayenera kuwerenga zimene zili patsogolo pa ndime ndi zimene zili pambuyo pake asananene kuti Mulungu wati chakuti. Anatambasula dzanja kuti aone tsambalo. Ndinalitseka. Ndinkaopa kuti diso langa likachoka pa chala, chenjezo lidzasanduka chilango, ndipo chidzagwera Elube kulikonse kumene ali.

Kenaka msewu anausamutsa. Magalimoto anayamba kudutsa kuseri kwa phiri, ndipo masitolo anatsekedwa imodzi imodzi kuyambira kumtunda. Agalu anachoka anthu asanachoke. A Kachingwe anayamba kutsokomola, makina awo n'kuchita dzimbiri pa gudumu. Iwo ankati ndi msewu. Ine ndinkadziwa kuti ndi chimene ndanyamula m'thumba.

Masana ena ndinaona mkazi kumapeto kwa msewu, atandipatsa msana, akulankhula ndi mlonda wa sitolo yotsekedwa. Anavala chitenje chachikasu cha mbalame zakuda. Chitenje chimenecho ndinali ndisanachionepo, koma kaimidwe ndinkakadziwa, phazi limodzi litakanda kumbuyo kwa mwendo wina. Mlonda anakweza dzanja kuloza ku khonde lathu. Ndinasiya nsimbi ikuyaka, n'kutulukira kuseri.

Ndinadutsa malo ambiri amene sanandisunge. Mudzi wina zitseko zonse zinayang'ana kuthengo. Kwina anthu ankasesa bwalo la msika m'mawa uliwonse ngakhale kunalibe wogulitsa. Paliponse ndinkafunsa buku ngati ndingabwerere, ndipo paliponse linkatseguka pamodzimodzi.

Ndinafika pa mudzi waukulu umene basi inkathera. Munali akazi, ana ndi nkhalamba basi, chifukwa amuna onse anapita kukagwira ntchito kutali. Pansi pa mtengo wamango panali kathebulo, ndipo pamenepo pankakhala mayi Nankhoma, amene ankawerengera anthu makalata ndi kuwalembera mayankho. Anali wonenepa, wa magalasi omangidwa ndi waya. Anandiyang'ana kuyambira kumapazi n'kundifunsa chimene ndathawa. Ndinati palibe. Anati palibeyo wandidya masaya, n'kundifunsa ngati ndimalemba zowerengeka.

Basi ikafika, dalaivala ankatula thumba la makalata pa kathebulo kaja, akazi n'kuzungulira. Mayi Nankhoma sankatsegula kalata msanga. Ankatembenuza envulopu, kuwerenga dzina mokweza, kuyang'ana chidindo, kufunsa mwini wake kuti mwamuna wake ali kuti ndipo anamulembera liti komaliza. Akazi ankadandaula kuti amachedwa ngati maliro a mfumu. Iwo ankayankha kuti wofulumira akawerengetse kwa mbuzi.

Pafupi ndi mtengo uja panali mulu wa miyala wozungulira, ndipo ana sankasewererapo. Nditakhala nyengo ndithu, mayi Nankhoma anandiuza kuti chinali chitsime. Iwo ali atsopano pantchitoyo, dalaivala anapatsa mkazi wina kalata m'manja, mkaziyo n'kuing'amba envulopu ali m'njira. Anabwera ndi pepala lokha, ndipo iwo anangowerenga. Munalembedwa kuti usandidikirenso, ndapeza wina kuno. Mkaziyo anathokoza mwaulemu n'kupita. Kalatayo inali ya mkazi wina wa kumtunda. Mwamuna wa mkazi woyamba uja anabwera nthawi yokolola ndi sutikesi yodzaza nsalu, n'kupeza mkazi wake atadziponya m'chitsime, chitsimecho atachikwirira.

"Kuyambira pamenepo ndimafunsa katatu," anatero. "Walemba ndani, walembera yani, ndipo zinthu zinali bwanji pamene ankalemba. Ngakhale buku lako lakudalo ndimalifunsa chimodzimodzi."

Ndinatsutsa kuti mawu a Mulungu analembera tonse. Anavomera, koma anati kalata iliyonse m'menemo inali ndi munthu woyamba kuilandira, ndipo amene sanamudziwe ameneyo sangadziwe chimene kalatayo ikunena kwa iye. Anatinso m'buku limenelo salankhula Mulungu yekha. Mumalankhula mafumu oipa, anthu otaya mtima, abwenzi opereka uphungu wolakwika, ngakhale mdierekezi ali ndi mizere yake. Munthu wotola mzere popanda kufunsa kuti watuluka pakamwa pa yani angathe kumvera mdani wake akuganiza kuti akumvera Mlengi.

Mawu amenewo anandikhala pamtima masiku angapo. Koma ndinkakumbuka bambo anga pa chitsa chija, ndipo ndinkati munthu angafunse dzina la dalaivala, koma sangafunse mphezi kuti yachokera kwa yani. Buku linatseguka pamodzimodzi kosalekeza. Zimenezo mayi Nankhoma sakanazifotokoza, ndipo ine sindinawauze.

Ndinalembera anthu makalata ambiri, achikondi, opepesa, ouza za imfa. Ndinalemberanso Elube imodzi. Ndinamuuza kuti ndinachoka kuti iye akhale ndi moyo. Sindinaitumize, poopa kuti ingakhale njira yoti chinthu chija chimupezere. Inakhala m'thumba mpaka inasanduka ufa.

Makalata anayamba kuchepa. Thumba la dalaivala linkabwera lopepuka, kenaka lopanda kanthu. Akazi ankabwerabe kudzaima pansi pa mtengo. Tsiku lina basi inafika ndi munthu mmodzi yekha. Anatsika chambuyo, akukoka kathumba, ndipo chitenje chake chinali chachikasu cha mbalame zakuda, chitayamba kufwifwa. Mayi Nankhoma anandiyang'ana, n'kuyang'ana mkaziyo, n'kundigwira dzanja. Ndinalimphwatula, n'kuthamangira m'munda wa chimanga chouma. Mapesi ankalira kumbuyo kwanga nthawi yaitali, ndipo sindinacheuke kuti ndione ngati ndi mphepo.

Kwina ndinagwira ntchito ndi omanga nyumba. Kapitawo wawo, a Sandifolo, anandifunsa chimene ndathawa, ndipo nditati palibe anangondipatsa chingwe. Anandiphunzitsa kuchimanga pa zikhomo ziwiri ndi kuyala njerwa motsatira icho. Ankati njerwa imodzi siuza khoma koyenda. Ikapendekeka, sugwetsa nyumba kuti ifanane nayo, koma umaiyerekeza ndi zinzake zimene zakhala bwino. Iwo sankapita kutchalitchi, koma anati malemu akazi awo ankawerenga Baibulo chomwecho, ndime yovuta kuiika pambali pa ndime zomveka bwino, kuti zomvekazo ziunikire yovutayo. Anandiphunzitsanso kufolera denga. Nyumba zimene tinamanga zinali zambiri, m'mizere, ndipo sindinaonepo munthu akulowamo. Titamaliza yomaliza ndinaona chikasu pakati pa makoma awiri, ndipo ndinatsika pa makwerero mbali inayo.

Mvula ya chaka china inandipeza ndikuwoloka mtsinje. Madzi anafika m'chiuno, thumba linanyowa, ndipo nditafika kutsidya buku linali litatupa, chikuto chitasiyana ndi masamba. Ndinaliyanika pa mwala. Ngakhale pamenepo, mphepo itawomba, linatseguka pa tsamba lija.

Tauni ya kutsidyako inali ndi msika waung'ono. Kumapeto kwake, pansi pa lata limodzi, kunkakhala wosoka nsapato, a Jailosi, nkhalamba ya diso limodzi loyera. Pambali pa nsapato panali mulu wa mabuku a nyimbo ndi Mabaibulo ong'ambika, chifukwa anthu a mipingo yonse ankabweretsa kwa iwo. Anandiyang'ana kuyambira kumapazi, koma sanafunse chimene ndathawa. Anati nsapato zanga zawauza kale, chifukwa zinatha kutsogolo kokha ngati za munthu amene saponda chidendene.

Ndinawapatsa buku kuti asoke, n'kuwachenjeza kuti asawerenge. Anaseka, n'kunena kuti iwo amawerenga msana, osati masamba. Analiimika pa bondo n'kulisiya. Linatseguka pomwe paja. Anatseka, n'kulisiyanso. Linatsegukanso pomwepo, ndipo ndinawauza zonse, za bambo anga, za nyumba yopanda denga, za Elube, za mawu amene akhala akunditsata. Anamvetsera kwinaku akupaka ulusi phula.

Kenaka anatenga Baibulo lina pa mulu uja, la mayi wina wamasiye, n'kuliimika. Linatseguka pa salimo. Analiimika katatu, katatu konse pa salimo lomwelo. Anatenga lina, la mlaliki wokonda za moto wosatha, ndipo linatseguka chakumapeto, katatu konse.

"Nsapato imatha pamene mwini wake amapondera," anatero. "Buku nalo limathyoka msana pamene mwini wake amakhalitsa. Si Mulungu amene wakhala akukutsegulira, mwanawe. Ndi ulusi wotha. Ndipo dzanja lako lili ndi njira yake, ngati mbuzi yobwerera kukhola. Funso ndi lakuti, ndani anakhalitsa pa tsamba ili mpaka kulithyola?"

Anandionetsa m'munsi mwa tsambalo. Panali banga lofiirira, lamafuta, laling'ono ngati njere ya dzungu. Chinali chidindo cha chala chachikulu cha munthu wa manja aang'ono, amene anagwira pamenepo kambirimbiri. Zaka zonsezo chikhatho changa chinkaliphimba. Banga limenelo silinali pa mzere wanga. Linali pansi pake, pafupi kwambiri, mizere itatu kapena inayi yokha.

A Jailosi anadula ulusi wakale kuti amasule msana. M'kati mwake, pakati pa chikuto ndi masamba, munagwa kachidutswa ka nsalu kopindidwa kawiri, kamene kanali katatsetserekeramo. Kanali kachikasu. Pakati pake panali phiko la mbalame yakuda.

"Werenga," anatero. "Uyambire pamene mutu wayambira. Mokweza, poti diso langa latsala limodzi."

Ndinati bambo anga analetsa. Anayankha kuti bambo anga anagona ndi buku lawo, ndipo ili ndi la mtsikana.

Ndinawerenga. Mneneriyo anali m'ndende, mzinda wake utazingidwa ndi adani, ndipo ankalankhula kwa anthu amene nyumba zawo zinali zikugwetsedwa. Ndinafika pa mzere wanga, n'kuona kuti unali pakati pa chiganizo. Amene ankati malo ano ndi bwinja sanali Mulungu. Anali anthu otaya mtima aja, ndipo Mulungu ankabwereza mawu awo kuti awatsutse. Ankati pamalo omwewo amene inu mukuwatcha bwinja padzamvekanso kuseka, padzamvekanso mawu a mkwati ndi a mkwatibwi. Mawu amenewo ndiwo anali pafupi ndi banga lamafuta.

Msika unkapitiriza phokoso lake. A Jailosi analowetsa singano m'masamba n'kuyamba kusoka, pang'onopang'ono, mtolo ndi mtolo. Anandiuza kuti ndigwire mbali ina, ndipo ndimo ndinaphunzirira ntchito yawo, tsiku limodzi lokha. Atamaliza analiimika pa bondo. Buku linaima chilili, losatseguka.

"Tsopano silikusankhiranso," anatero. "Uzitsegula wekha, ndipo ukayamba chiganizo uzichimaliza."

Ndinadikira m'tauni imeneyo kuti mkazi wa chitenje chachikasu afike monga ankafikira kwina konse. Ndinakhala pa mlatho, ndinakhala pa depoti, ndinafunsa ogulitsa nsalu. Sanabwere. Mvula itatha ndinayamba kubwerera.

Njira yobwerera inali yaifupi modabwitsa. M'nyumba za a Sandifolo munali mutalowa anthu, zovala zili pa zingwe. Pa mudzi wa basi mtengo wamango unalipo, koma kathebulo panalibe, ndipo mkazi wina anandiuza kuti amuna anabwerera ndipo makalata safunikanso. M'tauni ya msewu umodzi ndinapeza makina a a Kachingwe pa khonde, ataphimbidwa ndi thumba, mwini wake palibe. Paliponse ndinafunsa za chitenje chachikasu. Paliponse ankati anadutsa kalekale, akufunsa za mnyamata wa buku lakuda, ndipo ankaloza kumene ndinkachokera.

Ndinawoloka dambo dzuwa lili paliwombo. Pa mphambano panali mafuwa atatu akuda, udzu utamera pakati pake. Nyumba ya amayi ake a Elube inali itagwa. Khola linali lopanda chitseko. Makoma anga anali chiimire, ofupika ndi mvula, ndipo m'kati munamera mpoza wotalika kuposa ine. Panalibe munthu, panalibe chiweto.

Chakumadzulo kunatulukira mayi wokalamba atasenza nkhuni. Anali amayi ake aang'ono a Elube, amene ankakhala kuseri kwa chulu. Atandizindikira anatula nkhuni, n'kukhala pansi chammbali, nkhope atalozetsa kwina monga achitira apongozi.

"Mwabwera, akamwini?" anatero. "Udzu wanu chiswe chinadya."

Ndinagwada patali n'kufunsa za Elube. Anati anadikira mvula ziwiri, akusesa m'nyumba yopanda denga m'mawa uliwonse. Anthu ankamuseka kuti wakwatiwa ndi makoma. Kenaka anatulutsa chitenje chimene anabisira tsiku laukwati, n'kunena kuti munthu uja sadziwa kuwerenga, ndikamuwerengere ndekha. Anapita. Amayi ake anadwala ndi maganizo n'kumwalira, mbuzi zinagawidwa pamaliro, alongo ake anasamukira kwa akazi awo. Elube anabwerako kamodzi, wowonda, mapazi atang'ambika, n'kugona masiku atatu, n'kupitanso. Kuyambira pamenepo palibe amene anamva za iye.

Ndinawauza za chala, za tsamba, za banga lamafuta. Anamvetsera osatembenuka.

"Ndiye bwinjali analosera ndi mneneri," anafunsa, "kapena munamanga ndinu?"

Anasenza nkhuni zawo n'kupita, koma m'mawa mwake ndinapeza chikwakwa atachisiya pakhomo.

Ndinadula mpoza uja. Ndinamanga chingwe pa zikhomo ziwiri n'kukweza makoma. Ndinadula phaso latsopano, ndinamweta udzu, ndinafolera. Ndinalemba makalata, dzina la Elube pa envulopu iliyonse, n'kumapatsa aliyense wodutsa pa mphambano kuti akasiye kumene basi imathera, kumene amanga nyumba, kumene asoka nsapato. Kachidutswa kachikasu ndinakasokera m'kati mwa thumba la malaya anga.

M'mawa uliwonse ndinkakhala pakhomo n'kutsegula buku ndi manja anga, maso ali otsegula. Ndinayambira pachiyambi penipeni pa mneneri uja, mutu umodzi pa tsiku, mokweza, ngakhale panalibe wondimva. Ndinapeza zambiri zoopsa kuposa mzere wanga, ndipo ndinkafunsa kuti akunena ndani, akuuza yani, zinthu zinali bwanji. Zina ndinazimvetsa. Zina ndinaziika pambali pa zomveka n'kuzisiya zidikire. Sindinapezemo lonjezo lakuti Elube adzabwera. Lonjezo lija linali la mzinda wina ndi anthu ena, ndipo chimene linandiuza ine n'chakuti Mulungu si mwini wa mawu otsiriza a anthu otaya mtima. Ndinakana kulikakamiza kuti linene zoposa pamenepo, ngakhale mtima unkafuna.

Nyengo zinasinthana. Nthawi zina ndinkaona chikasu m'dambo, ndikathamangira n'kupeza maluwa. Nthawi zina amayi aang'ono aja ankadutsa n'kunena, nkhope ili kwina, kuti kumanda kwawo kuli malo amene anasiyira Elube dala.

Tsiku lina kuwerenga kwanga kunafikanso pa mutu uja. Kunali chifunga, mame asanaume. Nditangoyamba, mbuzi ya mwini wake inalowa pabwalo n'kuyamba kudya masamba a mbatata. Sindinaithamangitse. Ndinapitiriza, ndipo ndili pafupi ndi mzere wanga ndinamva mapazi m'njira yochokera kudambo. Ankayenda pang'onopang'ono, phazi limodzi likukhwekhwereza. Anadutsa mphambano, anadutsa khola, anaima kumbuyo kwanga. Chithunzithunzi chinagwa pa tsamba.

Thupi langa lonse linafuna kuchita zimene linazolowera, kutseka buku n'kutulukira kuseri. Khosi linafuna kucheuka. Koma ndinali pakati pa chiganizo, pa mawu omwe aja akuti bwinja, mulibe munthu, mulibe chiweto, ndipo mpweya unandithera pomwepo.

Dzanja linatsika kudzera paphewa langa, lowonda, lamitsempha, losanunkhiranso mafuta. Chala chachikulu chinakhala pa banga lija, n'kukwanira.

"Musalekere pamenepo," anatero mawu osasa. "Pitirizani."

Ndinapitiriza.